Chizimalupsa Si Mvula Yobzalira: Mkangano wa Zibonga za ku New York

Chaka ndi chaka, kumapeto kwa mwezi wa Malichi, chisanu chikamatha ku America, mabwalo a maseŵera a baseball amatsegulidwa ndipo mpikisano waukulu wa Major League Baseball umayamba. Matimu amene amapikisana alipo 30: ku United States 29, ndi imodzi ya mumzinda wa Toronto ku Canada. Timu iriyonse imaseŵera maseŵero 162 m'miyezi isanu ndi umodzi. Koma chodabwitsa nchakuti sabata loyamba lisanathe, anthu ochemerera amakhala ataŵeruza kale mlandu wonse. Amakhala atadziŵa timu yodzatenga chikho, mphunzitsi wa timu woyenera kuchotsedwa ntchito, ndi woseŵera amene ndalama zidangotayikira pa iye. Chitsanzo chooneka bwino cha khalidwe limeneli ndi mkangano umene udabuka m'chaka cha 2025, pamene timu ya New York Yankees idakumana ndi Milwaukee Brewers. Popeza chaka chimenecho chidatha ndipo zotsatira zake nzodziŵika, nkotheka tsopano kuika mau a ochemerera pa sikelo ndi kuona kulemera kwake.

Poyamba nkofunika kufotokoza pang'ono kaseŵeredwe kake. Timu iriyonse imakhala ndi anthu asanu ndi anayi m'bwalo. Woponya amaponya kampira kolimba, kokula ngati lalanje laling'ono, kaŵirikaŵiri pa liŵiro loposa makilomita 150 pa ola. Womenya wa timu inayo amayesa kukamenya ndi chibonga chamtengo. Akakamenya bwino amathamanga kuzungulira ngodya zinayi za bwalo, ndipo akakwanitsa kubwerera pamene adayambira, timu yake yapeza chigoli chimodzi. Koma akakamenya mwamphamvu kotero kuti kauluka mpaka kupitirira mpanda, amazungulira popanda womletsa, pamodzi ndi anzake onse amene adaima kale pa ngodyazo. Kumenya kotereku eni ake amakutcha home run. Chinanso nchakuti matimu aŵiri akakumana saseŵera kamodzi kokha ai. Amaseŵera katatu kapena kanayi motsatizana pa bwalo limodzi, kenaka nkusiyana.

Zimene zidachitika pa Yankee Stadium

Lachinayi pa 27 Malichi 2025, a Yankees adalandira a Brewers pa bwalo lao ku New York. Tsiku loyambalo zinthu zidayenda monga mwa masiku onse, eni bwalo napambana ndi zigoli 4 kwa 2. Zachilendo zidadza Loŵeruka pa 29 Malichi. Woponya wa Brewers tsikulo adali Nestor Cortes, amene adaseŵerera Yankees zaka zingapo asanapite ku Milwaukee mu Disembala 2024. Mpira woyamba umene adaponya, Paul Goldschmidt adauulutsa kunja kwa mpanda. Wachiŵiri, Cody Bellinger adauchita chimodzimodzi. Wachitatu udagwa m'manja mwa Aaron Judge, naonso udatsata anzake. Pofika kumapeto a Yankees adali atamenya ma home run 9, chiŵerengero chimene timuyi idali isanafikepo pa tsiku limodzi m'mbiri yake yonse, ndipo adapambana 20 kwa 9. M'maŵa mwake, Lamulungu, adapambananso 12 kwa 3. Pophatikiza masiku atatuwo, zigoli zidali 36 kwa 14, ndipo ma home run a Yankees adakwana 15.

Maseŵero a Loŵerukawo ali mkati, muulutsi wa pa kanema, a Michael Kay, adauza oonerera kuti oseŵera ena a Yankees akugwiritsa ntchito zibonga za mtundu watsopano. Chibonga chozoloŵereka chimanenepa kunsonga. Chatsopanocho chimanenepa cham'kati, kufupiko ndi manja, kenaka nkuwonda pang'ono polinga kunsonga. Chifukwa cha maonekedwe ameneŵa anthu adachipatsa dzina lakuti torpedo, bomba lija loyenda pansi pa madzi. Dzuŵa lisanaloŵe, nkhaniyi idali itawanda dziko lonse la America, m'manyuzipepala, pa wailesi ndi m'malo onse ochezera.

Magulu atatu a olankhula

Gulu loyamba lidali la anthu amene adati zibongazi nchinyengo ndipo ziyenera kuletsedwa msanga. Ngakhale mmodzi wa oponya a Brewers, Trevor Megill, adaŵiringula poyera atangoziona. Kukayika kwa gulu limeneli sikudali kopanda maziko, pakuti maseŵera a baseball adapsapo kale ndi moto wa chinyengo. Mu 2003 chibonga cha Sammy Sosa wa Chicago Cubs chidathyoka pa bwalo, mkati mwake nkupezeka zinthu zosaloledwa. Mu 2020 timu ya Houston Astros idalangidwa chifukwa chakuti m'chaka cha 2017 inkaba zizindikiro za matimu anzake pogwiritsa ntchito makamera. Munthu amene adalumidwapo ndi njoka sachedwa kudzidzimuka akaona chingwe.

Gulu lachiŵiri lidali la ochemerera a Yankees, amene adayamba kuvina ngati chikho chafika kale pakhomo. Naonso adali ndi zifukwa zao. Timu yao idatenga chikho cha World Series maulendo 27, kuposa ina iriyonse, koma komaliza kudali mu 2009. Mu 2024 idafika kumapeto nigonja kwa Los Angeles Dodgers. Patangopita milungu yoŵerengeka katswiri wao Juan Soto adasamukira ku New York Mets pa pangano la zaka 15 la madola 765 miliyoni, ndipo mu Malichi 2025 woponya wao wodalirika, Gerrit Cole, adachitidwa opaleshoni ya chigongono imene idamgoneka chaka chonse. Anthu oterewa adali ndi ludzu la nkhani yabwino, tsono ataipeza adaimwa mosapumira.

Gulu lachitatu lidali la ochemerera a Brewers, amene adataya mtima. Milwaukee ndi umodzi mwa mizinda yaing'ono kwambiri yokhala ndi timu mu mpikisanowu, ndipo malipiro a oseŵera ake onse mu 2025 sadafike ngakhale theka la malipiro a Yankees. Timuyi idali itataya akatswiri motsatizana: Corbin Burnes mu 2024, kenaka Willy Adames ndi Devin Williams. Itabwerera kwao pa 31 Malichi idagonjanso kwa Kansas City Royals 11 kwa 1. M'maseŵero anayi oyamba idamwetsedwa zigoli 47, iyo nkupeza 15 zokha. Ambiri adati chaka chatha chisanayambe, ndipo mlandu adausenzetsa eni timu kuti ngoumira.

Chimene lamulo ndi sayansi zikunena

Pa nkhani ya chinyengo yankho silidachedwe. Lamulo la mpikisanowu likuti chibonga chikhale chozungulira, chosalala, cha mtengo umodzi wosalumikiza, chosapitirira mainchesi 2.61 m'mimba mwake ponenepa penipeni, ndiponso chosapitirira mainchesi 42 m'litali. Lamulolo silitchula malo amene kunenepako kuyenera kukhala. Nchifukwa chake akuluakulu a Major League Baseball adanena kuti zibongazo nzololedwa.

Nzeru ya chibongachi idachokera kwa a Aaron Leanhardt, amene adaphunzira sayansi ya fizikisi pa sukulu ya ukachenjede ya MIT, naphunzitsa pa University of Michigan, asanasiye ntchito ya uphunzitsi ndi kuloŵa m'maseŵera. Akugwira ntchito ku Yankees adaona kuti omenya ena sakumana ndi mpira kunsonga kumene chibonga chidanenepa, koma cham'katiko. Tsono adaganiza zosamutsa mtengo kuuchotsa kumene sugwira ntchito ndi kuuika pamene mpira umagunda kaŵirikaŵiri. Apa pali mfundo imene okangana ambiri sadaimvetse. Chibongachi sichionjeza mphamvu m'manja mwa munthu. Chimangosamutsa kulemera, ndipo chimene chaonjezedwa pakati chachotsedwa kunsonga. Womenya amene amakumana ndi mpira kunsonga sapindula nacho kanthu, mwinanso chimamuonongera.

Umboni wina udali poyera kuyambira tsiku loyamba, koma phokoso lidauphimba. Mwa ma home run 15 aja, 9 adamenyedwa ndi oseŵera asanu ogwiritsa ntchito zibonga zatsopano: Jazz Chisholm Jr., Anthony Volpe, Austin Wells, Bellinger ndi Goldschmidt. Koma amene adamenya ochuluka koposa onse adali Judge, anayi, ndipo iye adagwira chibonga chake chakale. Komanso zibongazi sizidabadwe sabata limenelo. Giancarlo Stanton wa Yankees yomweyo adali atazigwiritsa kale ntchito mu 2024, popanda womuloza chala. Chidasintha mu Malichi 2025 si mtengo ai, koma kuti muulutsi adautchula pa tsiku la zigoli 20.

Masamu a maseŵero atatu

Mwana wa sukulu aliyense wodziŵa kugaŵa angathe kuona kuti maseŵero 3 mwa 162 sakwana ngakhale magawo aŵiri mwa 100. Mu ligi ya mpira wamiyendo ya matimu 16, mmene timu iriyonse imaseŵera maulendo 30, gawo lotere lingafanane ndi theka la maseŵero amodzi ndi mphindi zoŵerengeka pamwamba. Palibe munthu wanzeru amene angapereke chikho pa nthaŵi yopumira ya maseŵero oyamba a chaka.

Koma nkhani siithera pomwepa. Mu baseball kusiyana kwa timu yamphamvu ndi yofooka nkochepa kuposa m'maseŵera ambiri. Timu yabwino koposa imagonjabe pafupifupi kaŵiri pa maseŵero asanu alionse. Wofuna kudziŵa mwayi wakuti timu yotereyi igonje katatu motsatizana achulukitse 0.4 ndi 0.4 ndi 0.4, adzapeza 0.064, ndiko kunena kuti pafupifupi kamodzi pa maulendo 16. Popeza timu imakumana ndi anzake maulendo oposa 50 pachaka, nzoyembekezeka kuti ngakhale timu yoposa zonse idzasesedwa chotere pafupifupi katatu. Zikachitika mu Julayi palibe amene amazitenga ngati tsoka, chifukwa zimabisala m'kati mwa chiŵerengero chachikulu. Zikachitika mu Malichi zimaoneka ngati phiri, popeza palibe china choziyerekeza nacho.

Mmene chaka chidathera

A Brewers sadachire tsiku limodzi. Pofika pakati pa mwezi wa Meyi adali atagonjabe kochuluka kuposa kupambana. Koma oponya ao ovulala atayamba kubwerera, zinthu zidatembenuka. Mu Julayi adapambana maseŵero 11 motsatizana, ndipo mu Ogasiti 14, chinthu chimene timuyi idali isanachitepo. Adatsiriza chaka atapambana 97 ndi kugonja 65, kuposa matimu onse 30, kuposanso chaka china chirichonse m'mbiri yao. Mphunzitsi wao, a Pat Murphy, adasankhidwa kukhala mphunzitsi wopambana wa chigawo cha National League kachiŵiri motsatizana. Adachita izi ndi ma home run osafika 170, podalira liŵiro, kusataya mipira ndi kuponya mwaluso.

A Yankees naonso adachita bwino: adapambana 94, nagonja 68. Adatsogolera matimu onse ndi ma home run 274, ndipo mu Ogasiti adamenyanso 9 pa tsiku limodzi pokumana ndi Tampa Bay Rays. Judge, ndi chibonga chake chakale chija, adamenya 53 nasankhidwa kukhala woseŵera wopambana wa chigawo cha American League. Volpe, mmodzi wa eni zibonga zatsopano, adavutika chaka chonse. Pa maulendo 100 alionse adamenya bwino pafupifupi 21 okha. Mu Okutobala a Toronto Blue Jays adaŵatulutsa a Yankees mu mpikisano, atayamba ndi kuŵathira zigoli 10 kwa 1, kenaka 13 kwa 7. Paja akulu adati chaona mnzako chapita, maŵa chiona iwe.

Ngakhale msinthano uja wa Disembala 2024 udasintha nkhope. Mu Malichi zidaoneka ngati a Yankees adachenjera potaya Cortes ndi kutenga Devin Williams. Koma mwezi wa Epulo usanathe Williams adachotsedwa pa udindo wake wotsekera maseŵero chifukwa chosachita bwino, pamene Caleb Durbin, mnyamata wosadziŵika amene adapita ku Milwaukee pamodzi ndi Cortes, adasanduka mzati wa timuyo.

Mbiri idachenjeza kale

Chomvetsa chisoni nchakuti matimu aŵiri omweŵa adali ndi phunziro limeneli m'nyumba zao zomwe. Mu 1987 a Brewers adayamba chaka ndi kupambana maseŵero 13 motsatizana, mzinda wonse wa Milwaukee nusangalala. Mu Meyi chaka chomwecho adagonja 12 motsatizana, ndipo adatsiriza ali pa nambala yachitatu m'gulu lao. Mu 1998 a Yankees adagonja maseŵero ao atatu oyamba. Pomatha chaka adali atapambana 114 ndi kutenga chikho, ndipo timu ya chaka chimenecho imaŵerengedwa pakati pa matimu amphamvu koposa amene adakhalako. Mu 2019 a Washington Nationals adali atapambana 19 okha mwa maseŵero 50 oyamba, komabe iwo ndiwo adatenga World Series.

Komabe kungakhale kulakwa kunena kuti chiyambi sichiuza munthu kanthu. Mu 1988 a Baltimore Orioles adagonja maseŵero 21 oyamba, ndipo adathadi chaka ali pansi, atagonja 107. Mu 2024 a Chicago White Sox adapambana atatu okha mwa 25 oyamba, natsiriza atagonja 121. Kusiyana kwake kuli pa zinthu ziŵiri. Choyamba, maseŵero 21 kapena 25 si maseŵero atatu. Umboni ukamachuluka umayamba kulemera. Chachiŵiri, munthu ayenera kufunsa chimene chachititsa, osangoyang'ana zigoli. A White Sox ankagonja chifukwa adalibe oseŵera okwanira, vuto losachizika m'mwezi umodzi. A Brewers a 2025 adagonja pamene oponya ao angapo adali ovulala, ndipo Cortes yemwe adapezeka ndi vuto la chigongono m'masiku oyamba a Epulo. Bala limapola, umphaŵi wa luso supola msanga.

Pamene ochemerera adalondola

Chilungamo chifuna kuti zabwino za okanganawo zinenedwenso. Amene adati a Yankees ali ndi mphamvu zoopsa adanena zoona, pakuti ma home run 274 ndi mboni. Adangolakwa poika mphamvuzo mu mtengo m'malo mwa anthu, ndi poganiza kuti mphamvu zokha zimabweretsa chikho.

Dandaulo la anthu a ku Milwaukee pa nkhani ya ndalama nalonso silidali lachabe. Mu 2025 mpikisanowu udalibe lamulo loika malire enieni pa malipiro a timu. Udali ndi msonkho wokha wolipitsa matimu opitirira muyeso, umene olemera ankangoupereka. M'kati mwa chaka a Brewers adakumana ndi a Dodgers maulendo asanu ndi limodzi, napambana onse. Koma atakumananso mu Okutobala polimbirana malo a ku World Series, a Dodgers, imodzi mwa matimu olipira ndalama zambiri koposa, adapambana maseŵero onse anayi, ndipo a Brewers ankangopeza chigoli chimodzi pa tsiku. Pa tsiku lomaliza Shohei Ohtani wa ku Japan adamenya ma home run atatu, iye yemweyo ali woponyanso. A Dodgers adapitirira kukagonjetsa Toronto pa maseŵero achisanu ndi chiŵiri. Chotero a Brewers, amene adafika ku World Series kamodzi kokha mu 1982, adabwereranso chimanjamanja. Apa pakuoneka kuti monga maseŵero atatu a mu Malichi sadalosere chaka, maseŵero asanu ndi amodzi a mu Julayi naonso sadalosere Okutobala.

Chifukwa chake anthu amafulumira

Nanga nchifukwa ninji anthu odziŵa bwino mbiri imeneyi amagwabe m'mbuna yomweyo chaka ndi chaka? Chifukwa choyamba ndi njala. Ochemerera amakhala miyezi isanu ya chisanu opanda maseŵero, ndipo wanjala sayamba wanunkhiza ndiwo. Chachiŵiri, mtima wa munthu umakonda chifukwa chimodzi chooneka ndi maso. Nkosavuta kuloza chibonga chachilendo kusiyana ndi kufotokoza za oponya ovulala, luso la omenya ndi mwayi wa tsikulo. Pamene Elly De La Cruz wa Cincinnati Reds adayesa chibongachi pa 31 Malichi namenya ma home run aŵiri, anthu adati umboni wakwana; masiku ambiri amene eni zibongazi adalephera palibe adaŵaŵerenga.

Chachitatu, pali anthu amene amadya nalo phokosolo. Osema zibonga adalandira maoda ochuluka sabata limenelo. Manyuzipepala ndi nyumba zoulutsira mau zimagulitsa mkangano, osati kudikira. Ndipo kuyambira mu 2018, pamene bwalo lalikulu la milandu ku United States lidalola zigawo za dzikolo kuvomereza kubetcha pa maseŵera, kuŵeruza mofulumira sikuthera pakamwa pokha. Munthu wokhulupirira kuti masiku atatu amuululira chinsinsi cha chaka amaika ndalama zake pa chikhulupiriro chimenecho, ndipo makampani a kubetcha amadziŵa masamu aja kuposa iye.

Kukangana pa za maseŵera si tchimo. Ndiwo mchere wake, ndipo bwalo lopanda ochemerera lingafanane ndi gule wopanda ng'oma. Chofunika nchakuti wokangana adziŵe kukula kwa umboni umene wagwira m'manja. Phunziro limeneli silithera pa baseball. Mphunzitsi amene aŵeruza mwana pa mayeso oyamba a teremu yoyamba, nkumuika m'gulu la mbuli kapena la anzeru, amachita zomwe adachita anthu a ku New York ndi ku Milwaukee, koma mtengo wake ngwoŵaŵa koposa chifukwa mwanayo amakhulupirira chiŵeruzocho. Momwemonso wachinyamata amene watsiriza sukulu, nakanidwa pa makalata atatu oyamba ofunsira ntchito, asaganize kuti waona chaka chonse. Ayenera kufunsa monga wofufuza wabwino: kodi umboni wachuluka motani, ndipo chachititsa nchiyani? Ngati vuto liri lochizika, alichize. Ngati liri lozama, asinthe njira.

Mlimi wodziŵa ntchito yake akaona chizimalupsa sakana kuti kwagwa mvula. Amaona fumbi litazima, amamva fungo la dothi, nakonza makasu ndi mbeu. Koma mbeuzo sazitaya m'nthaka kufikira mvula yeniyeni itakhazikika. Malichi wina akadzafika ndipo timu ina ikadzayamba ndi mabingu, ochemerera adzachita bwino kusangalala ndi mtima wonse, koma chiŵeruzo achisunge m'nkhokwe, pokumbukira kuti kuona maso a nkhono nkudekha.